Mapazi akatopa: ulendo wa a Kinnah Phiri kuchoka m'bwalo kukakhala pa benchi

Nkhani yokambidwa ku Lirangwe pamaso pa aphunzitsi a zamasewero, makochi a matimu a m'midzi ndi achinyamata a m'dera la Lirangwe ndi Chileka



Mwandipempha kuti ndikambe za moyo wa wosewera mpira akapachika nsapato. Ndasankha kukamba za munthu mmodzi, a Kinnah Phiri, chifukwa akuluakulu muli pano munawamva pa wailesi akugoletsa, ndipo ana anu anawaona pa kanema ataima m'mbali mwa bwalo akulozaloza. Ambiri timaganiza kuti uyu ndi munthu mmodzi amene anangosintha malo oima. Ine ndabwera kudzatsutsa zimenezo. Kusewera mpira ndi ntchito ina, kuphunzitsa mpira ndi ntchito inanso, ndipo yachiwiriyi munthu amaiyambira pansi ngakhale dzina lake litamveka mpaka ku Cairo.

A Kinnah anabadwa mu 1954. Anatchuka ali ku Bata Bullets, timu imene lero timaitcha Maule, ndipo ochemerera anawapatsa dzina loti Electric. Anasewera mu timu ya dziko lino, Flames, kuyambira mu 1973 mpaka mu 1981, ndipo m'masewero oposa 110 anamwetsa zigoli 71. Mpaka lero palibe Mmalawi amene wafikapo pamenepo, ndipo m'Africa monse ndi anthu owerengeka amene anagoletsera maiko awo zigoli zochuluka chotero. Tawerengani bwino: pa masewero atatu alionse, munthuyu ankagwedeza ukonde pafupifupi kawiri.

Nthawi imeneyo kunalibe kanema kuno kwathu. Mpira unkaoneredwa ndi makutu, anthu atazinga wailesi imodzi pakhonde la golosale, mabatire ataumikidwa padzuwa kuyambira m'mawa. Ndi pa wailesi pomwepo pamene anthu a kuno anamvera mu 1978 kuti Malawi yatenga chikho cha East and Central Africa Senior Challenge Cup itagonjetsa Zambia 3-2 pakhomo pano. Chaka chotsatira, mu 1979, anyamatawo anakachiteteza ku Kenya, atagonjetsa eni bwalo 3-2. Mphunzitsi wawo anali Mngelezi, a Ted Powell. M'gulu limenelo munali a Jack Chamangwana otchinga kumbuyo, a Barnet Gondwe, ndi a Boniface Maganga pagolo. Kutsogolo kunali a Kinnah.

Cha m'ma 1982 anachoka m'dziko muno n'kupita ku Swaziland, dziko limene tsopano likutchedwa Eswatini, kukasewera ku Manzini Wanderers. Achinyamata mudziwe kuti masiku amenewo wosewera sankangonyamula chikwama n'kukakwera ndege pa Chileka chifukwa timu yakunja yamufuna. Kutuluka kunkafuna chilolezo cha akuluakulu, ndipo akakana, zathera pomwepo. Pamene Malawi inapita koyamba ku mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Ivory Coast mu 1984, katswiri womwetsa zigoli uja sanali nawo. Kumeneko tinagonja 3-0 kwa Algeria, tinalepherana 2-2 ndi Nigeria, n'kugonjanso 1-0 kwa Ghana. Zigoli za Algeria zija muzisunge, tizifunanso.

Tsopano tafika pamene ndikufuna tikhalitsepo. Masewero omaliza a a Kinnah mu jezi ya Malawi anali mu 1981. Mu 2008 anapatsidwa timu imene anaifikitsa ku Africa Cup of Nations ya ku Angola. Pakatipa pali zaka 27. Mwana wobadwa chaka chimene anagoletsa chigoli chawo chomaliza anali atakwatira kale, mwinanso ali ndi ana awiri. Zambiri mwa zaka zimenezi sitizikamba kawirikawiri chifukwa mulibe nyimbo, mulibe chikho chimene tinachiona ndi maso athu. Koma ndi m'menemo m'mene munapangidwa mphunzitsi. Ku Manzini komweko anayamba kuphunzitsa, m'dziko laling'ono, pamaso pa anthu amene sankasamala zoti ku Blantyre munthuyu ankaimitsa tauni. Kumeneko dzina silikanawathandiza. Timu ikagonja, anali kochi wogonja basi.

N'chifukwa chiyani katswiri amafunika kuphunziranso? Ndikupatseni chitsanzo chimene mumachiona Loweruka lililonse pabwalo la sukulu. Mpira wachokera kuphiko, ukubwera m'mwamba. Womwetsa zigoli weniweni amayamba wathamangira ku mtengo wakutali, wotchinga akamutsatira iye n'kutembenuka mwadzidzidzi, masitepe atatu kulowera ku mtengo wapafupi, n'kuugunda ndi chipumi. Mukamufunsa kuti wadziwa bwanji nthawi yotembenukira, akuyankhani kuti, "Ndinangoona." Sakunama. Nzeruyo ili m'mapazi ndi m'maso, sinadutsepo pakamwa. Tsopano mpatseni mnyamata wa zaka 14 amene sakuona chimene iye amaona. Poyamba amuuza kuti, "Chita chonchi." Mnyamata walephera. Kachiwiri amukalipira. Kachitatu akuti, "Mwana uyu alibe mpira," n'kumukhazika panja. Chonsecho vuto silili mwa mwanayo. Kochiyo sanaphunzire kumasula chimene thupi lake limadziwa n'kuchiika m'mawu: yang'ana phazi la woponya mpira, usayang'ane mpira, usanyamuke asanadzutse mutu, wotchinga akakutembenukira msana, pita. Mlimi wokolola ngolo khumi si mlangizi ayi. Mlangizi ndi amene angathe kuima m'munda mwa mnzake, dothi lina, mvula ina, n'kunena chochita.

Palinso china chovuta kuposa ichi. Wosewera, makamaka wakutsogolo, amakhala ndi kaumbombo kake, ndipo n'koyenera. Amaganiza za iye yekha ndi golo. Mphunzitsi amaganiza za anthu oposa 20, ndipo theka la iwo sasewera tsiku limenelo. Ayenera kudziwa amene wagona ndi njala, amene mayi ake ali kuchipatala, amene akamukalipira pagulu amafooka ndi amene akamukalipira amadzuka. Munthu amene anazolowera kuti bwalo lonse liziimba dzina lake ayenera kuphunzira kusangalala dzina la wina likamaimbidwa. Ambiri amagwera pamenepa, osati pa nkhani ya 4-4-2.

A Kinnah atabwerera kumudzi anatenga timu yawo yakale, imene nthawiyo inkatchedwa Bakili Bullets chifukwa inkathandizidwa ndi a Bakili Muluzi. Mu 2004 anaifikitsa m'ndime ya magulu ya CAF Champions League atatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa. M'gulumo anakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria, imene inatenga chikhocho chaka chimenecho, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Tinene zoona: timu ija inali ndi ndalama zimene matimu athu sanazionepo, ndipo ndalama zitauma, nayonso inabwerera pamene inali. Amene amati zonse anachita ndi kochi akulakwa, monganso amene amati zonse zinachita ndi ndalama. Koma taonapo matimu a ndalama akugonja m'ndime yoyamba.

Atachoka apo anapita ku Free State Stars ku South Africa, ndipo ndi kumeneko kumene bungwe la FAM linakawatenga mu 2008, a Stephen Constantine atatula pansi udindo. Pasanapite nthawi, mu June chaka chomwecho, kunabwera Egypt pa bwalo la Kamuzu. Inali itangotenga kumene chikho cha Africa ku Ghana mu February, ndipo mphunzitsi wake, a Hassan Shehata, nawonso anali katswiri wakale wa timu ya Zamalek. Mphindi 90 zinatha opanda chigoli. Mu nthawi yoonjezera, Chiukepo Msowoya, amene anayambira pa benchi, anamwetsa chigoli. Malawi 1, Egypt 0.

Chaka chotsatira, mu September 2009, Guinea inatsogola pa bwalo lomwelo. Chigawo chachiwiri analowa Chiukepo yemweyo, n'kugoletsa ziwiri. Inu makochi, taimani pamenepa. Munthu amene anagoletsa zigoli 71 amadziwa bwino kuwawa kokhala pa benchi uli womwetsa zigoli. Komabe ankamusunga mnyamatayo mpaka otchinga a timu ina atatopa miyendo, ndipo mnyamatayo ankalowa ali ndi njala ya chigoli, osati ali wokhumudwa. Kumusunga wosewera panja n'kosavuta, aliyense angathe. Kumusunga panja mtima wake uli m'bwalo, imeneyo ndiyo ntchito. Ochemerera amaona chigoli. Saona zimene zinakambidwa pakati pa anthu awiriwo Lachinayi madzulo.

Ulendowo sunali wosalala. Mu March 2009 tinakagonja 5-0 ku Abidjan, tsiku lachisoni limene anthu ambiri anafa pa chipwirikiti cholowera m'bwalo. Koma Ivory Coast yomweyo itabwera ku Blantyre mu October, Jacob Ngwira anagoletsa, ndipo zinatengera Didier Drogba kuchoka pa benchi kuti abweze. Zinatha 1-1. Tinamaliza pa nambala 3 m'gulu limene munalinso Burkina Faso, ndipo zimenezo zinatitengera ku Angola, patatha zaka 26 chichokereni ku Ivory Coast kuja.

Pa 11 January 2010, ku Luanda, dzuwa lili pamutu, m'bwalo muli anthu ochepa, tinakumana ndi Algeria, timu imene inali itapeza kale malo ku World Cup ya ku South Africa. Russell Mwafulirwa anagoletsa choyamba, Elvis Kafoteka chachiwiri ndi mutu, Davi Banda chachitatu. 3-0, ngongole ya 1984 inabwezedwa yonse osatsala ndi tambala yomwe. Pa benchi panali a Kinnah, pambali pawo a Young Chimodzi, ndipo a Jack Chamangwana anali mkulu woona za luso. Anyamata a pa wailesi aja anali atasanduka madala ovala majekete.

Ndisakunamizeni kuti nkhani inathera pokoma. Tinagonja 2-0 kwa Angola. Pokumana ndi Mali, kulepherana kokha kukanatipititsa m'ndime yotsatira, koma mphindi zitatu zisanathe tinali titamwa kale ziwiri, cha Frédéric Kanouté ndi cha Seydou Keita. Zinatha 3-1, ndipo tinamaliza kumapeto kwa gulu, pamene Algeria imene tinaiswa ija inakafika mu semifainolo. Ine ndimaona kuti mphindi zitatu zimene zija zili pamutu pa benchi monga momwe zigoli zitatu zimene tinamwetsa Algeria zilili. Ngati tikuyamikira kochi timu ikalowa m'bwalo ili tcheru, tiyeneranso kumufunsa ikalowa ili m'tulo.

Mu October 2011 tinatsala pang'ono kupitanso. Ku N'Djamena tinkatsogola 2-1, koma Chad inabweza kumapeto kwenikweni, ndipo malo athu anatenga ndi Tunisia. Mu 2012 Ghana inatigonjetsa kwawo ndi kwathu komwe. Mu January 2013 a Kinnah anachotsedwa ntchito limodzi ndi a Chimodzi ndi a Chamangwana. Pakamwa pomwe pankaimba Electric mu 1979 ndi mu 2010 ndi pomwe pankakuwa kuti achoke. Wosewera akakalamba timamukhululukira, timati anatitumikira. Kochi sitimukhululukira, ngakhale atakhala yemweyo. Iwo sanakhale pansi kudandaula. Anabwerera ku Free State Stars, anakaphunzitsa Mbeya City ku Tanzania, kenako ku Botswana. Munthu wa ntchito m'manja amapita kumene kuli ntchito.

Pambuyo pawo mpando uja unadutsa m'manja mwa akatswiri ena akale. A Young Chimodzi, amene anasewera masewero ambiri mu Flames kuposa wina aliyense, anaukhala pang'ono. A Ernest Mtawali, amene anasewera ku Mamelodi Sundowns mpaka ku Toulouse ku France, anaukhala chaka chimodzi, kuyambira 2015 mpaka 2016. A Patrick Mabedi, amene anali kaputeni wa Kaizer Chiefs, anachotsedwa mu 2024. Amene anatibwezera ku mpikisano wa Africa, umene unachitikira ku Cameroon kumayambiriro kwa 2022, ndi a Meck Mwase, amene dzina lawo ngati wosewera silinkagunda ngati la a Mtawali. Sindikunyoza aliyense, pakuti mpando umene uja uli ndi minga yake: kukonzekera kochepa, ndalama zochedwa, ndi mtima wathu wofuna zipatso mtengo usanamere. Ndikungoti kukula kwa dzina sikunatiuzepo amene adzachite bwino.

Kunja nakonso n'chimodzimodzi. Diego Maradona, amene ambiri amati sanaonepo wina womuposa, anatenga Argentina ku World Cup ya 2010 n'kukamwa 4-0 kwa Germany. Arrigo Sacchi ankagulitsa nsapato, sanasewerepo mpira wolipidwa, koma anatenga chikho cha ku Ulaya kawiri ndi AC Milan, mu 1989 ndi 1990. Pep Guardiola, ngakhale anali kaputeni wa Barcelona, anayambira ku timu yachiwiri ya kalabuyo mu 2007, m'ligi ya pansi. Aliou Cissé anali kaputeni wa Senegal mu 2002, anatenga timuyo mu 2015, ndipo chikho cha Africa anachigwira mu 2022, anthu akwawo atamupirira zaka zisanu ndi ziwiri. Kodi ife tikanamupirira zingati?

Chitsanzo chapafupi ndi a Peter Mponda, amene anali mu Bakili Bullets ya 2004 komanso kaputeni wa Flames ku Angola, pansi pa a Kinnah. Atasiya kusewera anayamba ndi ana, ku Surestream, kuphunzitsa anyamata amene palibe ankawadziwa. Kenako anakhala wachiwiri kwa a Kalisto Pasuwa ku Bullets kwa zaka zingapo. Taganizani: kaputeni wa dziko, kunyamula makoni, kumvera mnzake. Mu 2024 anatenga ligi ya TNM ndi Silver Strikers, n'kudula ulamuliro wa Maule amene anali atatenga ligiyo kasanu motsatizana. Amene anadabwa ndi amene sanaone zaka za makoni zija.

Tsono zimenezi zikutikhudza bwanji ife a kuno, kumene bwalo ndi fumbi lokhalokha kuyambira August mpaka mvula itagwa, ndipo mitengo ya golo ndi ya bulugamu? M'chipinda chino muli anthu amene munasewerapo m'ligi ya chigawo cha kummwera, ena munakafikako ku matimu a m'tauni, bondo n'kukubwezani kumudzi. Nthawi zambiri timu ya m'mudzi ikafuna kochi imangoloza inu, chifukwa "anamenyapo mpira ameneyu." Mwalandira wezulo, mwayamba. Masabata awiri oyamba mumaphunzitsa zonse zimene mukukumbukira kwa kochi wanu wakale, kuthamanga kuzungulira bwalo kakhumi ndi kudumpha ngati chule. Sabata yachitatu zatha, ndiye mumangogawa anyamata pawiri kuti amenyane mpaka mdima.

Ndinaonapo pabwalo lina m'dera lomwe lino mphunzitsi wa pulayimale amene sanasewerepo mpira wodziwika. Analibe makoni, anadzaza mchenga m'mabotolo a pulasitiki. Mpira weniweni unali umodzi, inayo inali yachikulunga. Ana 30 anawagawa m'timagulu ta asanu, anayi kunja mmodzi pakati, ndipo lamulo linali limodzi: usanalandire mpira, cheuka. Mwana akalandira osacheuka, wezulo, alowe pakati. Kwa theka la ola panalibe mwana woima pamzere kudikira, aliyense ankakhudza mpira. Kutsidya kwa bwalo lomwelo, katswiri wina wakale anali ndi anyamata akuluakulu, onse ataima pamzere umodzi, iye akuwaonetsa mmene ankamenyera mafirikiki. Anamenya bwino zedi, ndinaombera m'manja. Koma anyamatawo anapita kwawo atakhudza mpira kawiri kapena katatu.

Maphunziro a ukochi alipo. Bungwe la FAM, limene likulu lake lili ku Chiwembe ku Limbe, limachititsa maphunziro a ziphaso za CAF, kuyambira D, kukwera C, B mpaka A, ndipo matimu a mu Super League saloledwa kulemba mphunzitsi wamkulu wopanda chiphaso choyenera. Kuchokera pano kukafika ku Limbe ndi ulendo wa tsiku limodzi kupita ndi kubwera. Ndikudziwa kuti ndalama yolipirira ndi yovuta. Koma ndaona mabonanza m'dera lino m'mene phungu kapena wamalonda amaika ndalama zambiri, matimu n'kugawana, osewera n'kudya tsiku lomwelo. Makomiti a matimu, mukadzapitanso kukapempha chikho, mudzapempheko kuti gawo lina la ndalamazo litumize makochi awiri kapena atatu ku maphunziro. Mafumu, mawu anu pa nkhani imeneyi amamveka kuposa anga.

Ndipo pophunzira musakangotengako kaimidwe ka osewera. Kochi wa ana amafunika kudziwa chochita mwana akagundana mutu ndi mnzake n'kuyamba kuona zinthu ziwiriziwiri: ameneyo salowanso, ngakhale atalira, ngakhale ndi fainolo. Kuno kumatentha, October akafika mwana sangathamange masana opanda madzi akumwa. Zochepetsa zaka tisiye. Mnyamata wa ndevu wosewera ndi ana a zaka 14 amakupatsani chikho lero, koma walanda malo a mwana weniweni, ndipo iyeyo mwamunamiza kuti ndi katswiri. Za mankhwala okwirira pagolo sindilankhula zambiri, pakuti ndikuona ena mwayamba kale kuseka. Ndingoti ndalama ya sing'anga imagula mipira iwiri.

Atsikana musaganize kuti nkhaniyi yakudutsani. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, kumudzi ngati kuno, ndipo Scorchers, timu ya amayi ya dziko lino, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Matimu a atsikana akusowa makochi achizimayi, ndipo makolo ambiri amalola mwana wawo wamkazi kupita kubwalo akadziwa kuti kumeneko kuli mayi. Amene mukusewera lero, yambani tsopano kufunsa kochi wanu chifukwa chimene akukuuzirani chilichonse, muzilemba m'kope.

Kwa inu anyamata amene maso ali ku Bullets, ku Wanderers, ku South Africa, pitani, sindikuletsani. A Kinnah anasewera mu Flames zaka zosakwana khumi, koma pa benchi akhalapo zaka zambiri kuposa pamenepo. Gawo lalikulu la moyo wawo wa mpira aligwira atavala nsapato wamba, ndipo sukulu imene mukuithawa lero ndi imene idzafunike tsiku lolemba mayeso a chiphaso cha CAF.

Ndaona kuti aphunzitsi akulu akuyang'ana wotchi, ndipo a ku Chileka muli ndi ulendo. Amene mukufuna kudziwa za kalembera wa maphunziro a chiphaso cha D, tsalani pang'ono tilembe maina, kuti komiti ya m'dera lino ikawapereke ku bungwe la mpira la chigawo cha kummwera. Mafunso ndilandira tsopano.